Mikono, Zichiri ndi Golide: Kamangidwe ka Chihema cha Mose Kakunenanji?

Buku la Eksodo limathamanga mpaka mutu 24. Miliri ku Ejipito, nyanja kugawanika, mana, phiri la Sinai kufuka utsi. Wowerenga safuna n'komwe kuliika pansi. Akangolowa mutu 25, liwiro lonse lija zii. Nkhani yasanduka ya mikono, matabwa, ngowe, mphete ndi zichiri, ndipo ambiri amene amatsimikiza mtima kuti awerenga Baibulo lonse amafookera pomwepa. Komatu kulengedwa kwa kumwamba ndi dziko lapansi kwakambidwa m'mavesi 34 okha, pamene chihema cha nsalu ndi zikopa chadya mitu 13. Chafotokozedwanso kawiri: m'mitu 25 mpaka 31 Mulungu akulamula, m'mitu 35 mpaka 40 anthu akumanga, kawirikawiri ndi mawu omwewo. Kalelo cholembapo chinali chodula ndipo ankakopera pamanja, choncho mlembi sakanabwereza zonsezi mwachisawawa. Ayuda ndi Akhristu akhala akufufuza chifukwa chake kwa zaka pafupifupi 2,000. Mayankho ena ndi olimba, ena ndi okoma kukhutu chabe, ndipo n'kofunika kuwasiyanitsa.

Chinthucho chinali chotere. Tikatenga mkono kukhala masentimita 45, bwalo lake linali mamita 45 m'litali ndi 22 ndi theka m'lifupi, lotchingidwa ndi nsalu za bafuta, chipata chili kum'mawa. Wolowa ankayamba wakumana ndi guwa la nsembe lamkuwa, kenako mkhate wosambiramo ansembe. Chihema chenichenicho, monga ambiri amawerengera, chinali mamita 13 ndi theka m'litali, 4 ndi theka m'lifupi, msinkhu chimodzimodzi 4 ndi theka. Makoma ake anali matabwa 48 a mtengo wa kasiya okutidwa ndi golide, oimikidwa pa matsinde asiliva. Pamwamba panali zofunda zinayi: bafuta wopetedwapo akerubi, nsalu za ubweya wa mbuzi, zikopa za nkhosa zamphongo zonyika mu utoto wofiira, ndi zikopa zina zolimba kunja kwenikweni. Nsalu yotchinga inkagawa m'katimo pawiri. M'malo opatulika munali gome la mikate 12, choikapo nyale 7 ndi guwa lofukizira lubani. M'malo opatulikitsa munali likasa lokha.

Kanyumba kotere sikadali kosonkhanamo mpingo. Mwisraeli wamba ankathera pabwalo, ndipo akanatha kukalamba mpaka kufa asanaone ndi maso ake choikapo nyale chija. Ziwiya zake, gome, nyale, fungo labwino, ndi za m'nyumba yokhalamo mwini wake. Cholinga chanenedwa poyera pa Eksodo 25:8, kuti Mulungu akhale pakati pa anthu ake, ndipo Eksodo 29:46 akuwonjezera kuti n'chifukwa chake anawatulutsa ku Ejipito. Ufulu udali ulendo wopita kwinakwake, ndipo malinga ndi bukuli, kumene ulendowo unkaloza n'kuno.

Yankho lakale kwambiri likuti chihema ndi chithunzi cha chilengedwe chonse. Analiphunzitsa ndi Philo wa ku Alexandria, Myuda wa m'nthawi ya Yesu, komanso Josephus, mwana wa banja la ansembe amene anamaliza mbiri yake ya Ayuda cha m'ma 93. Kwa Josephus mikate 12 ndi miyezi ya chaka, nyale 7 ndi mapulaneti 7 monga ankawerengera kalelo, mitundu inayi ya ulusi ndi nthaka, nyanja, mpweya ndi moto, ndipo chipinda cham'kati ndi kumwamba. Awiriwa ankalembera anthu okhuta nzeru za Agiriki, ndipo n'zoonekeratu kuti ankafuna kuwasonyeza kuti Mose sadali munthu wamba. M'zaka za m'ma 500, wamalonda wina wa ku Alexandria, Cosmas Indicopleustes, anapyola nazo muyezo. Iye ankaphunzitsa kuti dziko lapansi n'lafulati, lamakona anayi ngati gome la m'chihema lija. Munthu amafika pamenepa akasiya kufunsa ngati lembalo likunenadi zimene iye akuona.

Komabe ganizoli lili ndi muzu weniweni, ndipo muzuwo suli m'mapulaneti ayi, uli m'kalembedwe ka nkhaniyo. Akatswiri ngati Martin Buber ndi Umberto Cassuto anaona kuti mathero a Eksodo akubwereza chiyambi cha Genesis. Malangizo a chihema abwera m'zigawo 7, chilichonse choyamba ndi kunena kuti Yehova analankhula ndi Mose. Chigawo cha 6 chikunena za munthu, Bezaleli, wodzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu, ndipo cha 7 chikunena za Sabata. Ntchito itatha Mose akuiyang'ana yonse, akupeza kuti yachitika bwino, ndipo akudalitsa anthu, monga Mulungu anaona, anatsiriza, nadalitsa. Chihemacho chikuimikidwa tsiku loyamba la mwezi woyamba wa chaka chachiwiri chichokereni ku Ejipito, tsiku la chaka chatsopano. Mu Genesis Mulungu akukonzera munthu pokhala. Mu Eksodo munthu akukonzera Mulungu pokhala, ndipo m'chipululu mopanda dongosolo mukuoneka kachigawo ka dziko kamene chilichonse chili pamalo pake.

Kumbukirani kuti amisiri amenewa ndi aja ankaumba njerwa za Farao, aja anamanga Pitomu ndi Ramesesi kapitawo ali pamsana, atapempha nthawi yokapereka nsembe n'kutchedwa aulesi. Tsopano akumanganso, koma Mose asanatchule za thabwa ngakhale limodzi, pa Eksodo 35:2 wayamba wawakumbutsa za Sabata. Nyumba ya Mulungu yomwe siloledwa kumeza tsiku lopuma. Arabi, aphunzitsi a Chiyuda, anatenga mfundoyi mwamphamvu kwambiri, moti ntchito 39 zoletsedwa pa Sabata zimene zalembedwa mu Mishnah, buku lawo la malamulo, monga kupota, kuluka, kusoka, kunyika utoto, kumanga ndi kuphwasula, Talmud, yomwe imafotokozera Mishnah, imati n'zomwe zinagwiridwa pomanga chihema. Myuda wosunga Sabata lero akusiya ntchito zimene anasiya amisiri a m'chipululu.

Koma pamtima pa nkhaniyi, m'kuona kwanga, ndi mitu itatu imene yatsekereza pakati pa malangizo ndi kumanga, 32 mpaka 34, nkhani ya mwanawang'ombe wagolide. Aphunzitsi awiri akuluakulu a Chiyuda anasiyana maganizo pamenepa. Rashi wa ku Troyes, amene anamwalira mu 1105, ankati Torah, ndiye kuti mabuku a Mose, sitsata nthawi mwandondomeko, ndipo lamulo lomanga chihema linabwera pambuyo pa tchimo lija, Mulungu atakhululuka. Potsata maganizo amenewa, ena anati chihema ndi mankhwala: anthu asonyeza kuti sangapirire popanda chooneka ndi maso, ndiye apatsidwa chooneka chimene sichingawaphe. Nachmanides wa ku Girona, amene anamwalira mu 1270, anakana. Iye ankati nkhaniyo iwerengedwe monga yalembedwera: Mulungu anafuna kukhala pakati pa anthu ake asanachimwe, ndipo chihema ndi phiri la Sinai loyenda nawo. Pa Sinai anthu anaima patsinde, akulu 70 ndi Aroni anakwera pang'ono, Mose yekha nalowa mumtambo. Bwalo, malo opatulika ndi malo opatulikitsa zikutsata magawo atatu omwewo, ndipo m'likasa muli miyala ya malamulo ija inatsika kuphiriko.

Ine ndikutsamira kwa Nachmanides, chifukwa nkhaniyo imapweteka kwambiri ikawerengedwa motero. Pamwamba pa phiri Mulungu akufotokoza zovala zimene Aroni adzavale, pansi Aroni yemweyo akusungunula ndolo. Chimene anthu akuumba mwaphuma chifukwa cha mantha n'chimene Mulungu anali akuwakonzera kale, njira yoti akhale nawo pafupi. Kenako pa mutu 33 zonse zikulendewera: Mulungu akuti sayenda nawo pakati pawo kuopa kuti angawathe panjira, Mose akumanga hema wokumanirako kunja kwa msasa, kutali, nachonderera kuti ngati Mulungu sapita nawo, ndi bwino asanyamuke n'komwe. Wowerenga amene wadutsa m'mitu imeneyi sangaone mitu 35 mpaka 40 ngati kubwereza kotopetsa. Thabwa lililonse limene latchulidwanso likunena kuti lonjezo lija silinafe. Ndolo za mtundu womwewo wa zimene zinapanga fano pa mutu 32, pa mutu 35 zikubwera m'manja mwa amuna ndi akazi kudzakuta likasa. Golide sanali woipa kapena woyera mwa iye yekha. Fano linapangidwa m'vesi limodzi, ndipo Aroni atafunsidwa anadzikanira ngati kuti linangotuluka lokha m'moto. Chihema chinapangidwa pang'onopang'ono, amisiri ake akudziwika maina, ndipo m'mitu iwiri yomaliza mlembi sakutopa kunena kuti chakutichakuti chinachitika monga Yehova analamulira Mose, kasanu ndi kawiri pa zovala za ansembe, kasanu ndi kawirinso poimika chihema. Kusiyana kwa kupembedza ndi kupembedza mafano, malinga ndi Eksodo, kwagona pa funso lakuti wayambitsa ndani ndipo akulamula ndani.

Anthu amene anagwira ntchitoyi nawonso ndi gawo la tanthauzo lake. Munthu woyamba amene Baibulo likunena kuti anadzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu si mneneri kapena wansembe, ndi mmisiri wosula, wosema ndi wopala, Bezaleli wa fuko la Yuda. Mnzake Oholiabu anali wa fuko la Dani, ndipo onse awiri anapatsidwanso mtima wophunzitsa ena. Amayi aluso anapota ulusi ndi ubweya wa mbuzi ndi manja awo, ndipo mkhate wosambiramo unasulidwa ndi akalirole amkuwa a amayi otumikira pakhomo la chihema. Zopereka zinali zamitundu iwiri. Golide, mkuwa ndi nsalu zinali zaufulu, aliyense monga mtima wam'funira, ndipo zinachuluka mpaka amisiri anasiya ntchito kukauza Mose kuti zakwana, iye nalengeza kuti anthu aleke kubweretsa. Siliva wa matsinde sadali choncho. Mwamuna aliyense wa zaka 20 kupita m'tsogolo anapereka theka la sekeli, wolemera osaonjezera, wosauka osachepetsa, ndipo siliva ameneyu ndiye anaumbidwa matsinde 100 onyamula matabwa ndi nsanamira za nsalu yotchinga. Zokongoletsa zinachokera m'kuolowa manja kosiyanasiyana, koma maziko anachokera kwa onse mofanana.

Ndiye pa Eksodo 38:21 pali chinthu chimene alaliki ambiri amachilumpha. Mose analamula kuti chuma chonse chiwerengedwe pansi pa Itamara mwana wa Aroni, ndipo lipotilo lalembedwa: golide matalente 29 ndi masekeli 730, pafupifupi tani imodzi, siliva matalente 100 ndi masekeli 1,775, mkuwa matalente 70 ndi masekeli 2,400. Masamu ake amagwirizana, pakuti theka la sekeli kwa amuna 603,550 likukwana ndendende siliva ameneyo. Munthu amene ankalankhula ndi Mulungu pamaso m'pamaso sanadzione wamkulu koti sangapereke lipoti la ndalama. Makomiti a zomangamanga m'mipingo yathu ali ndi phunziro lawo pamenepa, ndipo ndi lauzimu ngati lina lililonse.

Kuyandikira kwa Mulungu kwa anthu ake kudali ndi malire okhwima. Katswiri wina, Menahem Haran, m'buku lake la mu 1978, anasonyeza kuti zipangizo zimakwera mtengo munthu akamalowera m'kati: pabwalo mkuwa, m'munsi mwa makoma siliva, m'kati golide, ndipo nsalu yopetedwa mwaluso koposa ndi imene ili pafupi ndi likasa. Ngakhale ngowe zikutsata lamuloli, 50 zagolide pa bafuta wam'kati, 50 zamkuwa pa ubweya wa mbuzi. Olowa nawonso amachepa: Aisraeli pabwalo, ansembe m'chipinda choyamba, mkulu wa ansembe yekha m'chachiwiri, kamodzi pachaka, atanyamula mwazi, utsi wa lubani utamphimba kuti asafe. Tsiku limene chihema chinaimikidwa, mtambo utachiphimba, Mose yemwe sanathe kulowamo mpaka atachita kuitanidwa, ndipo kuitana kumeneko ndiko kumatsegula buku la Levitiko. Ena amaona nkhanza m'zotchinga zimenezi. Koma tikakumbukira mutu 33, zotchingazo ndizo zikutheketsa kuti Woyerayo akhale pakati pa anthu ouma khosi popanda kuwapsereza.

Ndipo m'kati mwenimwenimo munali chiyani? M'makachisi a mitundu yozungulira, chipinda chomaliza chinkakhala ndi fano la mulungu wake, lomwe ankalisambitsa, kuliveka ndi kulidyetsa. Muno munali bokosi, chivundikiro chagolide chotchedwa chotetezerapo, ndi akerubi awiri otambasula mapiko. Pakati pa akerubiwo, pamene diso likanayembekezera kuona nkhope, panalibe kanthu, ndipo m'chipindamo munalibe ngakhale nyale. Pamalo opanda kanthu amenewo mpamene Mulungu anati adzakumana ndi Mose, ndipo Numeri 7:89 akuti chimene Mose ankapezako ndi liwu. Golide yense uja, luso lonse lija, zinali zozungulira malo amene mmisiri sanaloledwe kuikapo dzanja. N'chifukwa chake malangizo akuyambira pa likasa kutulukira kunja, ngakhale kuti pomanga amisiri anayamba ndi nsalu ndi matabwa.

Funso lakuti kodi chihemachi chinalikodi silingalambalalidwe. Katswiri wina, Julius Wellhausen, m'buku lake la mu 1878, ankati ansembe a pambuyo pa ukapolo wa ku Babulo anangotenga kachisi wa Solomoni, n'kumuchepetsa, n'kumubweza m'chipululu pa pepala. Ganizoli linalamulira masukulu kwa zaka zambiri, ndipo lidakali ndi oliikira kumbuyo, makamaka chifukwa cha kuchuluka kwa golide ndi chiwerengero cha anthu. Koma zofukulidwa pansi zasonyeza kuti luso lotere n'lakale kuposa Solomoni. M'manda a mfumukazi Hetepheres ku Giza, opezeka mu 1925, munali chimango cha mitengo yokutidwa ndi golide, chotheka kuphwasula ndi kulumikizanso, cha m'ma 2600 Khristu asanabadwe. M'manda a Tutankhamun, opezeka mu 1922, munali mabokosi okhala ndi mitengo yonyamulira. Ku Timna, mu 1969, Beno Rothenberg anafukula malo opembedzerapo amene anali ofoleredwa ndi nsalu yaubweya. Chochititsa chidwi koposa ndi zithunzi za msasa wa Ramesses II pa nkhondo ya ku Qadesh, cha m'ma 1274 Khristu asanabadwe, zosemedwa ku Abu Simbel: bwalo lamakona anayi lotalika kawiri kuposa m'lifupi, hema wa zipinda ziwiri, ndipo m'chipinda cham'kati dzina la Farao lili pakati pa mbalame ziwiri zotambasula mapiko. Izi sizitsimikiza mkono uliwonse wa mu Eksodo. Zimene zikusonyeza n'zakuti munthu wa nthawi imeneyo, poona chihema, akanazindikira msanga kuti uyu ndi hema wa mfumu ili paulendo ndi anthu ake, ndipo mfumuyo si Farao.

Akhristu anawerenga zonsezi kudzera mwa Khristu kuyambira pachiyambi. Yohane 1:14 akufanizira kubwera kwa Yesu m'thupi ndi kumanga hema pakati pathu, ulemerero wake n'kuoneka. Marko akuti pa imfa yake nsalu yotchinga ya m'kachisi inang'ambika kuchokera kumwamba mpaka pansi. Kalata ya kwa Ahebri ndiyo yakhazikika pamenepa: chihema chinapangidwa motsata chitsanzo chimene Mose anaonetsedwa paphiri, choncho ndi chithunzi cha zenizeni zakumwamba, kulowa kwa chaka ndi chaka kukusonyeza kuti njira inali isanatseguke, ansembe ankatumikira chiimirire tsiku ndi tsiku, pamene Khristu anapereka nsembe kamodzi nakhala pansi. M'chihema monse munalibedi mpando wa wansembe. Apa maziko ndi olimba, chifukwa wolembayo akutenga mizere ikuluikulu ya nyumbayo: chotchinga, mwazi, wolowa, ndi kubwerezabwereza kwake.

Vuto limayamba pamene chichiri chilichonse chikakamizidwa kulalikira. Origen, m'zaka za m'ma 200, ankati golide ndi chikhulupiriro, siliva ndi mawu olalikidwa, mkuwa ndi chipiriro. Bede wa ku Jarrow, m'zaka za m'ma 700, analemba buku lathunthu lomasulira chiwiya chilichonse ngati chithunzi cha Mpingo. Baibulo la ndemanga la Scofield la mu 1909, limene mfundo zake zafalikira m'maulaliki ambiri, likuti golide ndi umulungu, siliva ndi chiombolo, mkuwa ndi chiweruzo. Zina mwa izi zili ndi pogwira. Siliva wa matsinde uja Eksodo yemwe akumutchula ndalama za chotetezera. Koma mkuwa womwewo sungakhale chipiriro kwa wina ndi chiweruzo kwa wina, onse n'kumati ndi zimene Mose ankatanthauza. Sindikunyoza maulaliki otere, pakuti ambiri alimbitsa anthu m'chikhulupiriro, ndipo zimene amanena za Khristu kawirikawiri n'zoona. Koma mlaliki azinena poyera kuti apa ndikusinkhasinkha, osati apa lemba likutero. Wolemba Ahebri yemwe, atatchula ziwiya zonse pa 9:1-5, ananena kuti sakamba za chimodzichimodzi, napita ku nkhani ya mkulu wa ansembe.

Chatsala chinthu chimodzi chimene chili m'kamangidwe kenikeniko: chilichonse chinapangidwa kuti chizinyamulika. Likasa, gome ndi maguwa onse awiri zinali ndi mphete ndi mphiko zonyamulira, ndipo mphiko za likasa zinaletsedwa kuchotsedwa ngakhale msasa utakhazikika. Buku la Numeri likugawa katundu pakati pa mabanja a Alevi: ana a Geresoni nsalu, ndi ngolo 2 ndi ng'ombe 4, ana a Merari matabwa ndi matsinde, ndi ngolo 4 ndi ng'ombe 8, ana a Kohati sanapatsidwe ngolo, chifukwa zopatulikitsa zinayenera kuyenda paphewa la munthu. Mtambo ukanyamuka ankanyamuka, ukaima ankaima, kaya masiku awiri kaya chaka. Milungu ya mitundu ina inali ndi mizinda yake, ndipo wofuna kuipembedza ankaipitira. Mulungu wa Israeli ankagona m'hema pakati pa mahema a anthu ake, mafuko atatu mbali iliyonse, ndipo kupatulika kwa malowo kunkatha chihema chikangochotsedwa. Mawa lake panali mchenga wamba.

Atalowa m'Kanani chihema chinakhala ku Silo, ndipo mabuku a Mbiri akuti m'masiku a Davide chinali ku Gibeoni. Davide atafuna kumanga nyumba ya mikungudza, yankho limene Natani anabwera nalo pa 2 Samueli 7 linali lakuti Mulungu wakhala akuyenda m'hema chichokereni ku Ejipito ndipo sanapemphepo nyumba yotere kwa mtsogoleri aliyense. Kachisi anamangidwabe m'masiku a Solomoni, chihema chinatengedwa kupita nacho ku Yerusalemu, ndipo likasa linalowa m'chipinda chamiyala lili ndi mphiko zake, zazitali mwakuti nsonga zake zinkaonekera m'malo opatulika. Kukangana kwa hema ndi nyumba sikunathere pomwepo. Patapita zaka pafupifupi 1,000, Stefano anaimbidwa mlandu wonyoza malo oyera, ndipo podziteteza pamaso pa bwalo la akulu anakumbutsa oweruza ake kuti makolo awo anali ndi chihema chopangidwa monga Mulungu analamulira, kuti nyumba anamanga ndi Solomoni, ndiponso kuti Wam'mwambamwamba sakhala m'nyumba zomangidwa ndi manja. Tsiku lomwelo anamutulutsira kunja kwa mzinda namuponya miyala.